PostgreSQL: Lekani kupanga ma akaunti pamanja

Moni nonse, takulandiraninso! Ngati mukadalemba CREATE USER pamanja mu PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa ma database, nthawi zonse kukabwera wantchito watsopano, khalani pompo mpaka kumapeto.

Choyamba, mwachangu: musamapatse munthu aliyense zilolezo payekhapayekha. Pangani ma role a gulu, owerenga ndi olemba, anthu muziwalowetsa m'magulumo. Kuyambira PostgreSQL 8.1 mu 2005, user ndi group zonse ndi role, zimangosiyana pa LOGIN, chilolezo cholowa mu database.

Chachiwiri, mayina ndi magulu awo alembeni m'fayilo ya YAML (fayilo ya mawu yolembamo makonzedwe), muisunge mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo), zotsalazo izichita Ansible, pulogalamu yogwira yokha ntchito za pa seva, kudzera mu ma module ake a postgresql_user ndi postgresql_privs. Ma password musawaike mu Git, chonde abale.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pamandipsetsa mtima. Ambiri amakhulupirira kuti ukalemba GRANT SELECT ON ALL TABLES IN SCHEMA, lamulo lopereka chilolezo chowerenga matebulo onse, ndiye basi wamaliza. Bodza lenileni! Lamuloli limangogwira matebulo amene alipo panthawiyo. Mawa wina akapanga tebulo latsopano, lipoti la malonda likana kutseguka, "permission denied", foni n'kuyamba kulira. Ndiye pamabwera katswiri wina: "Ine ndinaika ALTER DEFAULT PRIVILEGES." Chabwino achimwene, koma munalemba muli ndani? Lamulo limeneli, lopereka zilolezo pa matebulo a m'tsogolo, limakhudza matebulo okhawo opangidwa ndi role imene yalilemba. Ngati munalowa ngati postgres, akaunti yaikulu ija, pomwe matebulo amapangidwa ndi role ya migration (yosintha kapangidwe ka database), mwangotaya nthawi. Onjezani FOR ROLE ndi dzina la wopanga matebuloyo. Komanso silibwerera m'mbuyo, matebulo akale amafunabe GRANT yawo. Malamulo onse awiri akhale mu script yanu. Inde, PostgreSQL 14 inabweretsa pg_read_all_data, role yokonzedwa kale yowerengera, koma imeneyo imatsegula chilichonse, ndi tebulo la malipiro a bwana lomwe.

Zinakuchitikiranipo? Lembani m'munsimu, ndipo dinani subscribe, n'zaulere.

Chachinayi, munthu akasiya ntchito. Mutsekeni tsiku lomwelo ndi ALTER ROLE NOLOGIN. DROP ROLE imakana ngati akadali mwini wa matebulo, choncho yambani ndi REASSIGN OWNED kuti matebulo ake apite kwa role ina, kenako DROP OWNED kuchotsa zilolezo zake zotsala, mu database iliyonse imene anagwiramo.

Vidiyo yotsatira tiona HashiCorp Vault, imene imapanga akaunti yakanthawi n'kuifufuta yokha nthawi yake ikakwana. Tionana komweko!