Akupezani mulibe, nanga tulo mukusoweranji?

Zikomo agulupu, amfumu, amayi ndi abambo. Anyamata muli kumbuyoko senderani, nkhaniyi ndi yanunso.

Chandibweretsa ndi mnyamata wina, dzina sinditchula, musayang'anane. Chaka chino chokha wayezetsa magazi kasanu, kasanu konse akumupeza alibe HIV, koma sakugona. M'mawa uliwonse lilime pagalasi. Kachiphuphu kakangotuluka pamwendo, basi nsima osadya. Waonda, ndiye akuti kuondako ndi umboni, chonsecho chamuondetsa ndi nkhawa. Kuonjezera apo wakhala akumwa makapisozi ogula pamsika, osadziwa kuti akuchiza chiyani. Makapisozi apamsika ayi, abale anga.

Kachipangizo kathu koyezera kaja sikaona kachirombo kenikeniko, kamaona asilikali amene thupi lapanga polimbana nako. Thupi limatenga nthawi kuwapanga, kwa ena mpaka miyezi 3. Mukagona ndi munthu mosadziteteza Loweruka, Lolemba n'kudzayezetsa, zotsatirazo sizikunena za Lowerukalo. Koma miyezi 3 ikadutsa, simunachitenso zina, n'kukupezani mulibe, ndiye kuti mulibe. Kagoneni tulo.

[Mayi wina: Nanga ine anandipeza ndilibe koma kumusiku kukuyabwabe, ndikhulupirire ziti?]

Mwafunsa bwino mayi. Inu osaseka, funso limeneli muli nalo ambiri. Kuyezetsa HIV n'kuyezetsa HIV basi. Chindoko chili ndi kayezedwe kake, n'chifukwa chake kusikelo amayi oyembekezera amawayeza zonse ziwiri. Chinzonono, mabomu, izo adokotala amakufunsani, kukuonani, n'kukupatsani mankhwala ake. Ndipo kuyabwa kwina sikuchokera kogonana n'komwe. Mauka ena amangobwera okha, makamaka mayi akakhala woyembekezera kapena akamwa makapisozi aja. Mwaona tsopano chimene ndikuwakanizira? Vuto lathu ndi manyazi. Munthu wayenda mtunda wonse uja, wafola pamzere, kufika kwa adokotala akuti "mutu", pamene chikuvuta si mutu. Adokotala saombeza ula, nenani penipenipo. Akakupezani ndi matenda, abambo akunyumba nawonso abwere adzalandire mankhwala, apo ayi muzingobwezerana. Ndipo abambo inu, mayi akabwera kusikelo n'kuti alibe, musamati "ndiye nanenso ndilibe". Aliyense ali ndi magazi ake, kayezetseni anuwo.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Kondomu ikaphulika kapena munthu akagwiriridwa, thamangani kuchipatala maola 72 asanathe, kuli mankhwala a PEP oteteza kuti musatenge HIV, amamwa masiku 28. Tsiku limene akulemberani m'buku kuti mubwerenso, bwerani. Zilonda, mafinya, kuwotcha pokodza, izo osadikira miyezi 3, mawa lomwe. Makapisozi apamsika ndati ayi. Amene mtima ukukanabe kukhala pansi andipeze kukiliniki Lachinayi ticheze awiri. Makondomu ali mukatoni apa, tengani podutsa, agulupu ayang'ana kumbali.