Hurry, rush, hasten, dash: changu chake n'chosiyana

Moni nonse. Lero tili ndi mawu anayi achingerezi amene ambiri timangowasakaniza: hurry, rush, hasten ndi dash. Onsewa amanena za kufulumira, koma si paliponse pamene mungachotse limodzi n'kuikapo linzake.

Hurry ndi losavuta. Mwana akuvala mwachidodo pamene belu la kusukulu latsala pang'ono kulira, mayi ake amangoti, "Hurry up!" Nthawi yachepa, basi.

Pa rush m'pamene tikhalitsepo, chifukwa m'kati mwake nthawi zambiri mumakhala phuma. Telala wasoka diresi usiku umodzi poti ukwati ndi mawa. Msoko wakhota, zipi ikukana kutseka. Mwini diresi akamadandaula m'Chingerezi adzati, "It was a rushed job," kutanthauza kuti ntchitoyo yagwiridwa mopupuluma. Chimodzimodzi aphunzitsi akamakukonzekeretsani mayeso a MSCE n'kunena kuti, "Don't rush your answers," sakukuuzani kuti muzilemba mozengereza. Akuti werengani funso kaye, mulimvetse, kenako muyankhe.

Komatu rush sanyoza nthawi zonse. Munthu akadwala mwakayakaya n'kuthamangira naye kuchipatala, amati, "She was rushed to hospital." Mukaikapo hurried, anthu akumvani ndithu, kungoti sizimveka kuti moyo unali pachiswe. Ndipo kuthithikana kwa magalimoto m'mawa pa Masauko Chipembere Highway ku Blantyre ndi rush hour. Hurry hour kulibe, musakayese n'komwe.

Hasten ndi la m'mabuku ndi m'makalata a ku ofesi. T wake satchulidwa, monga mmene zilili pa listen. Mukakuwira mnzanu pa depoti kuti "Hasten!" minibasi ikunyamuka, adzaganiza kuti mukumuwerengera Baibulo lakale. Pamene mungalimve kawirikawiri m'pamene munthu akuti "I hasten to add", ndiye kuti akufulumira kuwonjezera mawu anthu asanamumve molakwika.

Dash ndi liwiro la pafupi, ladzidzidzi. Mvula yayamba kuwaza, zovala zili pachingwe, mwatuluka chothamanga kukazianula: "I dashed outside." Ulendo wa pabasi wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, ngakhale mutachedwa chotani, dash sakwanapo bwino. Pamenepo ingonenani kuti, "I'm in a hurry."