Mabuku oyambira nawo pofuna kulidziwa dziko la India

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Akomiti a gulu lathu lowerengali anandipempha kuti ndilankhulepo za mabuku a dziko la India. Pempholo n'lomveka. Ana athu ena akukaphunzira kumeneko, odwala athu ena amatumizidwa ku zipatala za kumeneko, ndipo Amwenye takhala nawo kuyambira kalekale ku Limbe, ku Zomba, ku Lilongwe. Timawagula nsalu ndi malata, koma za kwawo ambirife sitidziwa kanthu.

Dzikoli lili ndi anthu opitirira 1.4 biliyoni, ndipo malamulo ake amavomereza zinenero 22. Pa kalembera wa 2011, mwa anthu 100 alionse pafupifupi 80 anali Ahindu, 14 Asilamu, otsalawo Akhristu, Asikh, Abuda ndi ena. Dziko lotere buku limodzi silingalikwanire. A mfumu pano sagamula mlandu atangomva mbali imodzi, ndiye inenso ndikupatsani anthu awiri amene anatsutsana kwambiri, kuti muwamve onse.

Woyamba mukumudziwa, Mohandas Gandhi, amene anatsogolera Amwenye pomenyera ufulu wa dziko lawo kwa Angerezi. Buku la mbiri ya moyo wake limatchedwa The Story of My Experiments with Truth. Analilemba m'Chigujarati, chinenero cha makolo a Amwenye ambiri a kuno, ndipo linkatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala kuyambira 1925 mpaka 1929. Chingerezi chimene analimasuliramo n'chofewa, mwana wa Fomu 3 angathe kuwerenga. Mukafika pa chaka cha 1893 muchedwepo. Gandhi, loya wachinyamata, ali m'sitima ku South Africa, tikiti ya kalasi yoyamba ili m'manja, mzungu wadandaula, ndipo pa siteshoni ya Pietermaritzburg akumutulutsa mokakamiza. Usiku wonse anakhala m'chipinda chodikirira akunjenjemera ndi chisanu. Jekete lake linali m'katundu amene akuluakulu a pasiteshoni anasunga, koma sanalipemphe poopa kunyozedwanso. Munthuyu sabisa zofooka zake: amafotokoza mmene anadyera nyama mobisa ali mwana, ndi mmene anabera kachidutswa ka golide. Koma pali zina zimene bukuli silikuuzani. Mukukumbukira mu 2018 ku Blantyre, achinyamata atakana chosema cha Gandhi mpaka nkhani inakafika kukhoti? Chifukwa chake chinali mawu onyoza anthu akuda amene iye analemba m'zaka zake zoyambirira ku South Africa. Mawuwo analembadi. Muwerenge mukudziwa zimenezo.

Wachiwiri ndi amene ndabwerera lero, Bhimrao Ambedkar. Kuti mumumve, muyambe mwadziwa za caste. Kumeneko munthu amabadwira m'gulu, ndipo mwa mwambo gululo ndilo linkanena ntchito imene adzagwire, amene angakwatirane naye, ngakhale chitsime chimene angatungepo madzi. Pansi pa magulu onse panali anthu amene ankawayesa odetsedwa, osayenera kukhudzidwa. Masiku ano amadzitcha Adalit. Ambedkar anabadwira mmenemo mu 1891. Kusukulu ankakhala payekha pa chiguduli chimene ankachoka nacho kunyumba. Akamva ludzu sankaloledwa kugwira mpopi. Ankadikira wantchito wa pasukulupo kuti amutsegulire. Wantchitoyo akajomba, mwanayo ankaweruka osamwa madzi. Taganizani, amayi, mwana wanu.

Mwana ameneyo anakaphunzira ku Columbia University ku New York ndi ku London, ndipo ndi amene anatsogolera komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko la India, amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950. Ndime 17 ya malamulowo inathetsa mchitidwe woyesa anthu ena osakhudzidwa, ngakhale m'midzi yambiri tsankholo likadalipo. Buku lake loti muwerenge ndi Annihilation of Caste, la mu 1936. Anali mawu amene anakonza kukalankhula pa msonkhano ku Lahore. Oitanawo ataona zimene walemba anamupempha kuti achotse ndime zina, iye anakana kusintha, msonkhano unalephereka, ndipo anasindikiza yekha. Gandhi ankati tsankho lithe koma Chihindu chiyeretsedwe kuchokera mkati. Ambedkar ankati muzu wa tsankholo uli m'malemba opatulika enieniwo, choncho kupempha anthu kuti akhale okoma mtima sikungathandize. Gandhi anamuyankha m'nyuzipepala yake ya Harijan, Ambedkar nayenso anayankha, ndipo makope ambiri a bukuli ali ndi mayankho onsewo kumapeto. Pa mkangano umenewu ine ndili mbali ya Ambedkar, poti iye ndi amene ludzu lija analimva pakhosi pake. Mu 1956, ku Nagpur, anasiya Chihindu n'kulowa Chibuda pamodzi ndi chinamtindi cha omutsatira.

Wina afunsa kuti, nanga za chipembedzo chenichenicho tiwerenge kuti? Yambani ndi Bhagavad Gita. Ndi yaifupi, mitu 18, mavesi 700, ndipo ndi kachigawo ka ndakatulo yaitali yotchedwa Mahabharata. Msilikali Arjuna waima pabwalo la nkhondo, waona kuti mbali inayo kuli abale ake ndi aphunzitsi ake, uta wamugwa m'manja. Krishna, mulungu wa Ahindu amene akumuyendetsera galeta, akumuphunzitsa za udindo, za mzimu, ndi za kugwira ntchito osaika mtima pa mphotho. Abusa ndi a shehe muli panowa, sindikuti mutembenuke ayi. Ndikuti mudziwe chimene mnansi wanu amakhulupirira kuchokera m'buku lake lomwe.

Okonda nthano, pezani Train to Pakistan la Khushwant Singh, la mu 1956. Mu 1947 Angerezi pochoka dzikolo linagawidwa pawiri, India ndi Pakistan. Anthu mamiliyoni ambiri anathawa kwawo, ndipo ophedwa anali osachepera mazana a masauzande. Bukuli likuonetsa zonsezo pa kamudzi kamodzi, Mano Majra, kumene Asikh ndi Asilamu ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene sitima inafika itadzaza mitembo. N'lopweteka, musawapatse ana aang'ono.

Ofuna mbiri yaitali ali ndi The Discovery of India, limene Jawaharlal Nehru, amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu yoyamba ya India, analemba ali m'ndende ku Ahmednagar, n'kutuluka mu 1946, komanso India After Gandhi la Ramachandra Guha, la mu 2007, lofotokoza za pambuyo pa ufulu. Awiriwa ndi aakulu, musayambire pamenepo.

La Gandhi ndi la Ambedkar onse amapezeka ulere pa intaneti, ndipo la Ambedkar n'lalifupi moti tingathe kusonkherana n'kulisindikiza. Ndikupempha akomiti kuti atigawe pawiri: ena atenge Gandhi, ena Ambedkar, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa mbali iliyonse idzafotokozere inzake. Amene muli ndi mafoni a intaneti, muwerengere achikulire mokweza n'kumawamasulira. A mlembi, yambani kulemba mayina. Zikomo.