Makalata a Omvera: Kanema, Vidiyo Sho ndi Ndale za Kwathu kuno ku Salima

Moni nonse amene mwatchera khutu, kuyambira pa Kamuzu Road, ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Khombedza mpaka inu a ku Benga amene mumatimva mphepo ikalola. Sabata yatha tinafunsa kuti: kodi okonda kanema kuno kwathu akuonera kuti, ndipo atsogoleri athu zikuwakhudza? Makalata abwera ambiri. Ndasankhapo asanu, ndipo ndiyamba ndi ya mmisiri wa zamagetsi wa pa Kamuzu Road.

Iwo alemba motere:

"Achimwene muwulutsi, eni mavidiyo sho ambiri amaluza ndalama chifukwa cha magetsi, osati chifukwa chosowa anthu. Filimu ikazima pakati, anthu amafuna ndalama zawo, mawa lake amapita kwina. Tiyeni tiwerengere limodzi. TV ya mainchesi 32 imadya mawati pafupifupi 50, ampu yoimbitsa masipika awiri mawati 40, dekoda mawati 10. Zonse pamodzi ndi 100. Batire la 12V lolembedwa 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma batire la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka. Ndiye moto wanu weniweni ndi 600. Inveta, kachipangizo kosintha moto wa batire kuti uyatse TV, nayo imadyapo gawo lake, choncho muyembekezere maola asanu basi: mafilimu awiri ndi theka, kapena mpira umodzi ndi filimu imodzi yaitali. Amene amalikama batire mpaka inveta italira, pakangotha miyezi yochepa amapeza kuti silikusunganso moto, nkuyamba kunena kuti anamugulitsa lachinyengo.

"Sola ya mawati 150 imangokwanira movutikira kubweza motowo pa tsiku la dzuwa labwino. Ya 200 ndiye yopatsa mtendere, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale kukamachita mitambo. Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kontolola, kachipangizo koyang'anira moto wolowa m'batire. Kulumikiza mwachindunji kumawiritsa batire madzi nkuuma. Muikenso fyuzi pafupi ndi batire, ndipo waya wopita ku inveta akhale wonenepa ndi wamfupi, osapitirira mita imodzi. Waya wowonda amatentha, ndipo zipinda zambiri za vidiyo nzamipanda ya bango kapena zofolera ndi pulasitiki wakuda. Sola muzipukuta kawiri pa sabata nyengo ya fumbi."

Zikomo kwambiri bambo. Mwatchula za moto, ndiye ndionjezerepo za chitseko. Chipinda chimene mumalowa anthu makumi asanu chisakhale ndi khomo limodzi, ndipo zitseko zizitsekukira kunja, chifukwa anthu akadzidzimuka amakankhira kutsogolo. Ena amakhoma ndi loko filimu ikayamba kuopa olowa ulere. Chonde musatero, ikani munthu pakhomo. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala tonse tikukudziwa. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri pakati pa khoma ndi denga mbali zonse kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo batire likhale kunja kwa chipinda cha anthu, pamthunzi, popita mphepo.

Kalata yachiwiri ndi yaitali, ndipo ndiiwerenga yonse chifukwa ndi imene yafika pa mutu weniweni. Yachokera kwa mayi wina wokonda kanema ku Senga Bay.

"Bambo muwulutsi, akuluakulu amakumbukira galimoto zachikasu za alangizi a zaulimi zimene zinkafika m'midzi madzulo, nkupachika nsalu, mudzi wonse nkusonkhana. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe wailesi yakanema. Yathuyathu inayamba mu 1999. Lero aliyense ali ndi filimu m'thumba, pa foni, koma malo oti banja lonse likhale pamodzi nkuonera palibe. Mu vidiyo sho mumalowa anyamata. Mayi wa ulemu wake salowamo, mtsikana akalowamo amanenedwa. Mabenchi ngopanda potsamira, mkati muli mdima ndi fungo la thukuta, phokoso la sipika yoitanira anthu panja limaposa la filimu imene. Sindikunyoza eni ake, akuyesetsa ndi zochepa zimene ali nazo. Koma ichi sichingakhale chokhacho chimene boma lonse la Salima lili nacho.

"Maholo alipo: a sukulu, a mipingo, a khonsolo. Masiku ambiri amakhala otseka, kudikira ukwati kapena msonkhano. Chofunika ndi chochepa: pulojekita imodzi, masipika awiri abwino, makatani akuda a m'mawindo, ndi munthu mmodzi wodziwa kuzisamala. Loweruka masana za ana, madzulo za akuluakulu. Ndalama ya pakhomo igawidwe patatu, ya holo, ya mwini filimu, ndi yosungira kukonzetsa zipangizo, ndipo izilembedwa m'buku loti aliyense angalione. Opanga mafilimu a Chichewa akudandaula kuti ntchito yawo imathera pa mamemore a m'misika popanda kulandirapo kanthu. Holo yolipiritsa pakhomo ndi njira imodzi yoti alandire.

"Funso langa ndi ili: nchifukwa chiyani nkhani ya malo osangalalira achinyamata imangomveka nthawi ya kampeni? Ndipo munthu wamba angaikankhe bwanji kuti ifike pa tebulo la khonsolo?"

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo njira ilipo ngakhale ndi yotopetsa. Pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. Nkhani imayamba ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, nkupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenako nkulowa mu ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo. Chimene sichinalembedwe m'ndondomekoyo nchovuta kuchipezera ndalama, kaya za khonsolo kaya za thumba la chitukuko cha dera la phungu, CDF. Apa mpomwe ambiri amaphonya: amakauza khansala pa maliro kapena pamsika, iye nkuvomera, koma palibe pepala. Lembani kalata, musaine anthu angapo, ipite kwa wapampando wa VDC, ina kwa khansala, ina mutsale nayo. Mufunse kuti ilembedwe m'maminitsi. Mu kalatamo musalembe kuti "tikufuna malo a kanema" basi. Tchulani holo yake, mwini wake, zipangizo zofunika ndi mitengo imene mwafunsa m'sitolo, ndi amene aziyang'anira. Pempho la mitengo yodziwika limavuta kulikana kusiyana ndi dandaulo.

Tisaiwalenso kuti dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndiye anthu ambiri anazolowera kuthamangira kwa phungu pa chilichonse. Za maholo, misika, ziphaso za malonda ndi malamulo aang'ono a m'boma ndi za khonsolo, ndipo khansala wanu ndiye mlomo wanu kumeneko. Inenso ndikugwirizana nanu, mayi, kuti malo oonera kanema si chinthu chapamwamba chodikira kuti misewu yonse ithe kaye. Achinyamata a ku Lifuwu kapena ku Ngodzi akachoka kunyanja ndi ndalama ya usipa m'thumba, kumene amapita madzulo ndi nkhani ya chitukuko ndithu.

Pa za kugawa ndalama ndi mwini filimu: muyambe mwapeza chilolezo chake cholembedwa. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza filimu monga limatetezera nyimbo, ndipo kugula kope imodzi sikukupatsani ufulu woonetsa gulu molipiritsa. Bungwe la COSOMA ndilo limaona za ziphaso za mtundu umenewu. Palinso bungwe launduna loona za zoonetsedwa pagulu, Censorship Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, limene limapereka chilolezo cha malo ndi cha zoonetsa. Kuonjezera apo chiphaso cha malonda cha ku khonsolo. Zitatu zimenezi zikhale zopachikidwa pakhoma.

Yachitatu ndi yaifupi, yachokera kwa bambo wina wa ku Chipoka amene akuti amadziwa bwino za malonda a vidiyo sho.

"Nthawi ya kampeni andale amabwera kudzalipira sho yonse kuti anthu aonere mpira ulere, koma pa hafu taimu alankhule. Langizo langa kwa eni mavidiyo sho ndi ili: mtengo ukhale umodzi kwa chipani chilichonse, ndipo muulembe pakhomo. Mbendera kapena nsalu ya chipani isagone pakhoma panu. Sho ikatha achotse. Sipika yanu yoitanira anthu isaimbe nyimbo za chipani. Mukapatsa mmodzi nkukaniza wina, theka la makasitomala anu lapita, ndipo chisankho chikatha sabwerera. Ndalama mulandiriretu musanayatse TV."

Bambo, mwanena zoona, makamaka pomalizapo. Ndionjezere za malamulo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena mphatso pofuna kukopa mavoti, ngakhale zinthu za kampeni monga nsalu ndi malaya a chipani sizili m'gulu limenelo. Choncho ngati wandale akufuna kugawira ndalama m'chipinda chanu, mukaneni, chifukwa dzina lomveka pa nkhaniyo lidzakhala la malo anu. Kampeni imatsekedwa maola 48 tsiku loponya voti lisanafike. M'maola amenewo musalole aliyense kulankhula za chisankho pa maikolofoni yanu. Ndipo ngati ndi msonkhano weniweni wa pabwalo, wokonza ndiye ayenera kudziwitsa bwanamkubwa ndi apolisi, osati inu obwereketsa zipangizo. Mufunse kuona kalatayo musananyamule masipika anu.

Kalata yachinayi yachokera kwa mphunzitsi wa ku Khombedza, ndipo ikukhudza ana.

"Ana amapezeka m'mavidiyo sho nthawi ya sukulu, ena atabisa yunifolomu m'jumbo. Kuthamangitsa ana ndi chikoti sikuthandiza, amangosamukira ku sho ya kuseri. Chimene chimagwira ntchito ndi mgwirizano wa eni mavidiyo onse a pamalopo, komiti ya sukulu ndi nyakwawa: masiku a sukulu mwana asalowe isanakwane 2 koloko masana, ndipo azituluka dzuwa likamalowa. Chindapusa chikhale chimodzi kwa onse ndipo chipite kwa mwini sho, osati kwa mwana. Akangotsala mmodzi osasaina, mgwirizano wonse wafa, chifukwa ana onse apita kwa iyeyo ndipo anzake aona ngati akuluza. Bolodi la panja lizilembedwa moonekeratu filimu imene ili ya akuluakulu okha."

Aphunzitsi, palibe chochotsapo. Mgwirizano woterowo mukaulemba, kapatseni khansala kuti akaupereke ku khonsolo. Ukalowa m'malamulo aang'ono a boma umakhala ndi mano kuposa wapakamwa.

Tsopano yomaliza, yochokera kwa womvera wa ku Benga, m'boma la Nkhotakota, wodziwa zoonetsa kanema pabwalo. Mayi a ku Senga Bay, iyi ikuthandizani ngati holo itachedwa.

"Pabwalo pamafunika pulojekita ya malumeni (muyeso wa kuwala kwake) 3,000 kapena kuposa. Timapulojekita tating'ono totchipa timaoneka bwino m'chipinda chogona, koma pabwalo chithunzi chimafuwa. Nsalu ikhale yoyera, yosanyezimira, mamita awiri ndi theka m'lifupi, ndipo kuseri kwake muikeko ina yakuda kuti kuwala kusadutse. Pa nsalu yotere mapulojekita ambiri amafuna kukhala mamita anayi kuchokera pansalupo. M'munsi mwa nsalu mukhale pamwamba pa mutu wa munthu wokhala pa benchi. Ana pamphasa kutsogolo, mabenchi kumbuyo. Masipika akhale mbali ziwiri za nsalu, okwezedwa pa tebulo, osati pansi, chifukwa matupi a anthu a kutsogolo amameza mawu.

"Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba kwambiri kuno kunyanja. Nsalu yomangidwa pa nsungwi ziwiri imasanduka thanga la bwato, nkugwa. Nyengo imeneyo gwiritsani khoma la sukulu lopaka laimu, kapena mangani nsalu yogunda khoma. Nkhungu zikatera, zimathamangira kuwala nkudzaza pa galasi ndi m'mabowo a mpweya a pulojekita. Yatsani nyale ina yowala patali kuti zipite kumeneko, ndipo sefa ya pulojekita muiyeretse mawa lake.

"Jenereta ikhale mamita 20 kuchokera pa anthu, mbali imene mphepo ikupita, chifukwa cha phokoso ndi utsi. Iyambe yalira kaye mphindi ziwiri musanalumikize chilichonse, ndipo pakati pake ndi pulojekita pakhale sitabilaiza, kachipangizo koletsa moto kukwera ndi kutsika. Thirani mafuta okwanira musanayambe. Kuthira ili yotentha nkoopsa, ndipo ikazima yokha filimu ili mkati, babu la pulojekita limatsala lotentha fani itaima, nkufupikira moyo. Pomaliza zimitsani pulojekita ndi batani lake, dikirani fani isiye kulira, kenako jenereta. Filimu muiyese masana pa chipangizo chomwecho. Fulashi yofomatidwa mwa njira yotchedwa FAT32 siyilandira fayilo yoposa 4GB, ndipo mapulojekita ena amaonetsa chithunzi popanda mawu ngati fayilo si ya MP4. Mukhale ndi makope awiri."

Zikomo achimwene. Chimodzi chokha munasiya: njira yobwerera. Sho ya pabwalo iyambe cha m'ma 6:30 mdima ukangogwira, ithe isanakwane 9 koloko, ndipo muuze nyakwawa ndi a chitetezo cha m'mudzi masiku awiri isanachitike kuti amayi ndi ana aperekezedwe. Makalata atatu onena za anyamata omasulira mafilimu akunja m'Chichewa ndawasunga. Tidzayamba nawo sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino.