Makalata a Omvera: Lenzi Zoika M'kati mwa Diso

Takulandirani omvera nonse, kuyambira ku Zóbue mpaka ku Furancungo. Makalata a lero akunena za lenzi zimene madokotala amaika m'kati mwa diso.

Yoyamba alemba ndi aphunzitsi a ku Ulongué. Akuti: "Anthu kuno akusokoneza zinthu ziwiri. Pali lenzi imene amaika akachotsa ng'ala, palinso ina yotchedwa ICL imene amaika osachotsa lenzi yachibadwa. Achinyamata ovala mandala ochindikala akuyesa kuti yachiwiriyi angaikidwe aliyense. Tawamasulirani."

Mwalasa, Aphunzitsi. Ya ng'ala njakale, dokotala wa maso Harold Ridley anaika yoyamba ku London mu 1949. Amachotsa lenzi yochita chifunga, yatsopano n'kulowa m'kathumba momwe munali yakaleyo. ICL ndi kalenzi kofewa kamene amakapinda n'kukalowetsa pakabala ka mamilimita 3, kenaka kamatambasuka kuseri kwa gawo lakuda la diso, kutsogolo kwa lenzi yanu. Kamathandiza osaona patali amene mandala awo ndi a -3 mpaka -20. Ku America anakaloleza mu 2005 kwa a zaka 21 mpaka 45. Nambala ya mandala iyenera kukhala itaima kwa chaka chathunthu, ndipo malo a kutsogolo kwa diso akhale akuya mamilimita 3 kapena kuposa. Amawerenganso maselo a m'kati mwa kagalasi ka kutsogolo kwa diso, chifukwa amenewo akatha saphukanso.

Pomwe pali ntchito ndi pa saizi. Pakati pa ICL ndi lenzi yachibadwa pamafunika mpata wa kota ya milimita mpaka makota atatu. Ikachepa imakhudza lenzi yanu, ng'ala n'kuyamba. Ikakula imakankha gawo lakuda lija, madzi a m'diso amasowa potulukira, presha n'kukwera. Zatsopano zili ndi kabowo pakati, ka mamilimita 0.36, kodutsira madziwo. Opaleshoniyi njodula ndipo imachitika m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg. Amene mandala akumuthandiza bwino ndikuona kuti asagulitse ng'ombe.

Yachiwiri yachokera kwa bambo ogwira ntchito ya maso ku Moatize. Akuti: "Pa vuto la maso lotchedwa astigmatism, kagalasi ka kutsogolo sikozungulira mofanana, kali ngati dzira, mbali ina njopindika kuposa inzake. Lenzi yokonza vutoli, yotchedwa toric, ili ndi mphamvu yochulukirapo pamzere umodzi ndi yocheperapo pamzere wina, ndipo mzere wa mphamvu yocheperapowo uyenera kugona ndendende pa mbali yopindika kwambiriyo. Ikasendera digiri imodzi, pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yokonza astigmatism yapita. Ikafika madigiri 30, yonse yatha. Odwala adziwe zimenezi, asamajombe tsiku lobwereranso kuchipatala."

Zikomo, Bambo, mwatipeputsira ntchito. Ndiwonjezerepo chomwe chimaisendeza. Munthu akagona chagada diso limatembenuka pang'ono, n'chifukwa chake dokotala amaika timadontho ta inki m'mphepete mwa kagalasi wodwala ali chikhalire, mutu uli chilili, akuyang'ana kutsogolo. Pa lenziyo palinso timizere, ndiye m'kati mwa opaleshoni amaitembenuza pang'onopang'ono ndi kachitsulo kopyapyala mpaka timizere tikumane ndi inki ija. Mankhwala oterera amene amadzaza m'diso pogwira ntchito akatsalira kuseri kwa lenzi, imatsetsereka. Diso lalitali la munthu wosaona patali lili ndi kathumba kotakasuka, nalonso limaipatsa danga. Kawirikawiri imasuntha masiku oyambirira, ndipo kuibweza n'kosavuta m'masabata oyamba kathumba kasanaigwire zolimba. Mukachedwa, ntchito yake imakula.

Chinanso, toric imafuna bala laling'ono, la mamilimita 2 kapena 3. Opaleshoni ya ng'ala ya pamanja, ya bala la mamilimita 6 kapena 7, imasintha yokha kapindikidwe ka kagalasi. Ambiri amaikidwa lenzi wamba n'kumalizitsa ndi mandala, ndipo amaona bwino ndithu. Inu a ku Moatize fumbi la malasha mukulidziwa: mukachitidwa opaleshoni valani mandala otchinga, musatikite diso, madzi asalowemo sabata yoyamba, ndipo mankhwala odontheza muwatsate mpaka tsiku limene anakuuzani.

Yomaliza njaifupi, ya mayi a ku Tsangano: "Kusaona patali kwambiri kumabwera chifukwa diso ndi lalitali. Nanga lenzi ikalowa, kutalikako kumatha?"

Ayi, Mayi. Lenzi imangokonza pomwe kuwala kukugwera, diso limakhalabe lalitali ndipo retina, kansalu koonera ka kumbuyo kwake, kamakhalabe kokokeka ndi kopyapyala. Kakhoza kung'ambika n'kumatuka ngakhale munthu akuona bwino popanda mandala. Akayamba kuona zong'anima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri mwadzidzidzi, kapena mdima ukutseka mbali imodzi, apite ku chipatala chachikulu ku Tete tsiku lomwelo, asadikire galimoto ya tsiku la msika. Kupatula apo, azikapimitsa retina ndi presha ya m'diso kamodzi pachaka.