Ku Britain Nakonso Kuli Mzere wa Chakudya

Takulandirani nonse. Lero tikupita ku Britain, kuja ambiri timaganiza kuti ndalama amangotola pansi.

Mu 2000 bungwe la Trussell Trust linatsegula malo ake oyamba ogawirapo chakudya chaulere mumzinda wa Salisbury. Kumeneko amati food bank. Munthu amabwera ndi kakalata kochokera kwa dokotala, kusukulu kapena kwa alangizi, n'kulandira phukusi la masiku atatu: zam'zitini, mpunga, tiyi, mkaka wokhalitsa. M'chaka cha 2010 mpaka 2011 maphukusi oterewa anali pafupifupi 61,000. M'chaka cha 2023 mpaka 2024 anadutsa 3 miliyoni. Taimani kaye pamenepo, muganizire.

Mwina wina akuti, munthu wokhala m'nyumba ya magetsi ndi madzi angasauke bwanji? Kumeneko amayeza chonchi: banja lopeza ndalama zosafika 60 peresenti ya zomwe banja lapakatikati limapeza ndiye losauka. Akachotsapo ndalama ya nyumba, ana pafupifupi 4.5 miliyoni ankagwera m'gulu limeneli m'chaka cha 2023 mpaka 2024, kapena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse. Ndipo ambiri mwa anawa, pafupifupi 7 mwa 10, anali m'mabanja omwe wina ankadzuka m'mawa kupita kuntchito. Nkhani yoti ndi alesi tiiwale.

Kwa ine chilombo chachikulu ndi lendi. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linalola anthu kugula nyumba za khonsolo zomwe ankakhalamo pamtengo wotsika. Amene anagula anapindula, zoona. Koma nyumba zomangidwa m'malo mwake zinachepa, moti mabanja osauka anatsala m'manja mwa malandilodi. Malipiro akangofika, gawo lalikulu lapita kale. Kenako kukubwera chisanu, osati chathu cha June chija ayi. Nyumba imafunika kuitenthetsa, ndipo osauka ambiri ali ndi mita yogulira mayunitsi ngati yathu yomweyi. Mu October 2022 kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 11.1 peresenti. Mayi amayang'ana mita, n'kuyang'ana poto, n'kusankha chimodzi.

Thandizo la boma lilipo. Limatchedwa Universal Credit, linayamba mu 2013, koma wolembetsa amadikira milungu isanu asanaone ndalama yoyamba. Milungu isanu, mimba ikulira! Mu 2017 anaonjezera lamulo lakuti thandizo la ana lithere pa awiri, zomwe zinapweteka kwambiri mabanja akuluakulu.

Nanga abale athu omwe anapita kukasamalira okalamba aja? Viza yawo imanena poyera kuti sangalandire thandizo la boma. Maola a ntchito akachepa, lendi imayembekezerabe, ndipo Universal Credit ija sayikhudza n'komwe. Nthawi yomweyo foni ikulira, uthenga wa pa WhatsApp wochokera kumudzi: feteleza wakwera, tumizaniko kangachepe.