Tipoti ya ku Meissen: yambani mwaona kunsi kwake

[Pa kanema: dzanja likutembenuza katipoti koyera]

Moni nonse. Akadaulo a ziwiya zamakedzana akalandira katipoti ngati aka, ka ku fakitale ya ku Meissen ku Germany, sathamangira maluwa ojambulidwawa. Amayamba akatembenuza, chifukwa mbiri yake ili kunsiku.

Kalelo anthu a ku Ulaya ankagula porcelain, ziwiya zadothi zoyera ndi zolimba, ku China ndi ku Japan pa mtengo woboola m'thumba, kuumba okha kutawakanika. Augustus the Strong, wolamulira Saxony, dera la ku Germany, ankaikonda mopitirira muyezo. Mu 1717 anapereka asilikali apakavalo 600 kwa mfumu ya Prussia posinthana ndi ziwiya 151 za ku China. Anthu amoyo, kusinthana ndi mitsuko!

Augustus yemweyu anatsekera mnyamata wina, Johann Friedrich Böttger, yemwe ankadzitama kuti amatha kupanga golide. Golideyo sanaoneke. Koma pogwira ntchito ndi wasayansi Tschirnhaus, mu 1708 anatulutsa m'ng'anjo chiwiya choyera, cholimba, choti ukachigogoda chimalira. Chinsinsi chinali dothi loyera ndi moto waukali zedi. Mu 1710 fakitale inatsegulidwa m'nyumba yachifumu ya Albrechtsburg ku Meissen.

[Pa kanema: katipoti kofiirira]

Matipoti oyambirira ambiri sanali oyera ayi. Anali ofiirira, otengera a ku Yixing ku China. Komanso ndi aang'ono, poti tiyi anali wodula, womwa anthu a ndalama okha.

Chinsinsi sichikhalitsa pakamwa pa anthu ambiri. Mu 1719 mmisiri Samuel Stölzel anathawira ku Vienna, ku fakitale ya Du Paquier. Chaka chotsatira anabwerera, atatenga katswiri wopenta Johann Gregorius Höroldt. Opikisana nawo atayamba kuchuluka, Meissen inayamba kuika kunsi kwa ziwiya zake chizindikiro cha malupanga awiri opingasa, a buluu, cha m'ma 1722. Matipoti ena a nthawiyo ali ndi zilembo KPM, chidule cha mawu a Chijeremani otanthauza fakitale yachifumu ya porcelain.

[Pa kanema: nambala yozokotedwa kunsi]

Koma chimene ine chimandikoka ndi kanambala aka. Ziwiya za Augustus za m'nyumba yake yachifumu ya Japanese Palace mumzinda wa Dresden zinalembedwa m'kaundula kuyambira 1721, chilichonse n'kupatsidwa nambala. Malupanga aja anthu akhala akuwakopera kwa zaka mazana, choncho paokha satsimikiza kanthu. Nambala yogwirizana ndi kaundula ndiyo imakweza mtengo pamsika.

Kenako onani chivindikiro. Chimasweka msanga, ndipo matipoti ambiri amavala cha mnzake.